Madola 1,050 pa pisitoli ya nkhondo, nkudula kapena ayi?

Usiku wathawu tulo sitinabwere ndiye ndinangotenga foni nkumawerenga mkangano wa anthu aku America wokhudza mtengo wa mapisitoli akale a asilikali, aja amati M1911. Nkhaniyi inayamba 2018 koma mpaka pano anthu sanagwirizanebe, ena akuti boma linawadyera masuku pamutu ena akuti aaa iyayi, nzotchipa zimenezo. Ine ndimakonda zinthu zakale zokhala ndi mbiri, olo wotchi olo wailesi, ndiye ndinapezeka ndalowerera mpaka tambala woyamba.

Pisitoli imeneyi anaipanga ndi John Browning, asilikali a America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1911, dzinalo linachokera pamenepo basi. Inamenya nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu, Korea, Vietnam, mpaka 1985 pomwe anailowetsa m'malo ndi Beretta M9. Zotsalazo, pafupifupi 100,000, anangoziunjika m'nkhokwe ku Anniston, Alabama, zikudya ndalama zosungira chaka ndi chaka. Phungu wina wa komweko, Mike Rogers, ndiye analimbikira kuti bwanji osangozigulitsa kwa anthu wamba, ndipo lamulo lomwe Trump anasaina mu Disembala 2017 linapangitsa kuti zokwana 8,000 zipite ku bungwe la Civilian Marksmanship Program, CMP mwachidule, lomwe limagulitsa kale mfuti zazitali zakale ngati M1 Garand.

Mitengo itatuluka mu 2018 ndi pomwe phokoso linayambira, mfutizo anaziika m'magiredi malinga ndi mmene zathera. Service Grade madola 1,050, Field Grade 950, Rack Grade 850, ndipo zosowa kwambiri anati zimenezo nza okushoni.

Odandaulawo mfundo yawo yoyamba ndi yoti mfutizi zinagulidwa kale ndi msonkho wa agogo awo, ndiye bwanji kulipiranso kachikena, komanso modula chonchi. Akuluakulu ena amakumbutsa kuti cha m'ma 1960 boma linkagulitsa mapisitoli omwewa pa madola 17 yokha. 17! Ndipo ena amati lero ukhoza kugula 1911 yatsopano, yonyezimira, ya Tisas yaku Turkey kapena Rock Island Armory yaku Philippines pa mtengo wosafika theka la 1,050 ija, imawomba bwinobwino ilibe dzimbiri olo pang'ono.

Zonsezo nzoona koma ine ndikuona kuti akusakaniza zinthu ziwiri. Munthu wofuna pisitoli yowombera akagule Tisas, nkhani yatha. Amene ankatulutsa 1,050 sankagula chitsulo chokha ayi. Tayang'anani zithunzi zomwe anthu amaika akalandira zawo: mtundu wake wotuwa ngati phulusa, pena kobiriwira pang'ono, m'makona mwayera chifukwa cholowa ndi kutuluka m'chikwama cha chikopa zaka zambirimbiri, pambali palembedwa UNITED STATES PROPERTY, kwinaku timasitampa tating'ono ta malo omwe inakakonzedwa, ngati AA kapena ANAD. Ndipo imabwera ndi pepala losonyeza kuti yachoka m'manja mwa asilikali kupita ku CMP kenako kwa iwe, sinadutse kwa wina aliyense. Pa msika wa zinthu zakale pepala limeneli ndi ndalama, chifukwa kunja kuno akathyali opaka utoto watsopano ndi kudinda masitampa abodza alipo ambiri. Komanso zimenezi sizikupangidwanso, boma linasiya kuoda mu 1945.

Nanga akanaika mtengo wa madola 300? Tiyeni tinene chilungamo, amene akanapindula si wokonda mbiri, akanakhala mavenda. Munthu alembetse iye, mkazi wake, mlamu wake, mfuti zikafika mawa lake zili pa GunBroker, tsamba la pa intaneti logulitsirapo mfuti, pa mtengo wa msika, phindu lonse m'thumba mwake. Chinthu chikakhala chochepa ofuna ali ambiri, mtengo weniweni umapezeka basi, funso limangokhala loti ndalama yapamwambayo adye ndani. Bola ipite ku CMP, omwe ntchito yawo ndi kuphunzitsa anthu, makamaka achinyamata, kagwiridwe kabwino ka mfuti ndi kuyendetsa mipikisano yowombera ngati ija ya ku Camp Perry, Ohio. Ndipo onani, pa mtengo womwewo womwe ankati ngodula, mafomu anabwera pafupifupi 19,000 pa mfuti 8,000, mpaka anachita kuchita maere pa kompyuta kuti aone woyamba ndani. Katundu wodula mopitirira muyeso salimbiraniwa chonchi.

Komanso sikuti umangotumiza ndalama ayi, panali chintchito. Umboni woti ndiwe nzika ya America, umboni woti uli mu kalabu yogwirizana ndi CMP, kufufuzidwa mbiri kawiri, koyamba ndi CMP kachiwiri kwa wogulitsa mfuti wa laisensi komwe imakafikira, sabweretsa pakhomo. Anthu ogwira ntchito yonseyi, oyang'ana mfuti imodziimodzi nkuiika mu giredi yake, amafuna malipiro.

Pomwe ine ndikugwirizana ndi odandaula ndi apa. Mtengo unali umodzi pa giredi koma mfutizo sizinali zofanana olo pang'ono, ndipo sunkasankha. Akakuimbira foni ankakuuza magiredi omwe analipo, iwe nkutchula imodzi, koma kampani yomwe inapanga unali mwayi wako. Nthawi ya nkhondo yachiwiri Colt payokha sikanakwanitsa, ndiye boma linapatsa ntchito makampani ena, ambiri mwa iwo odabwitsa: Remington Rand opanga mataipi a muofesi ndi omwe anapanga zambiri kuposa onse, Ithaca opanga mfuti za alenje, Union Switch & Signal opanga zida za masigino a sitima anapanga 55,000 zokha, ndipo Singer, eya Singer yomweyi ya makina osokera, anapanga 500 basi. Imodzi ya Singer inagulidwa madola 414,000 pa okushoni mu 2017, kkkk taganizani, kampani ya makina a telala. Ndiye pa msika dzina la kampani limasintha mtengo kwambiri. Kuonjezera apo zambiri mwa mfutizi zinaphwasulidwa ndi kumangidwanso kangapo, amisiri a asilikali sankasamala za osonkhanitsa zakale a mtsogolo, ankangotola chilichonse chokwana, ndiye umapeza slide (mbali ya pamwamba yotsetsereka) ya Ithaca yakhala pa frame (thupi la pansi lokhala ndi chogwirira) ya Remington Rand, mpope wake ndi wa zaka zina. Okonda mfuti amazitcha mixmaster zoterezi ndipo mtengo wake umatsika. Ndiye anthu awiri alipira 1,050 yofanana, wina walandira Colt yomwe zida zake zikugwirizana wina walandira chisakanizo, woyambayo akuvina winayo akungoti bola ilipo.

Chinanso chimandivuta ndi kusiyana kwa magiredi. Rack Grade, mwa kufotokoza kwa eni akewo, imatha kukhala ndi dzimbiri, timaenje pa chitsulo, zogwirira zosweka ndipo imafuna kukonzedwa kaye. Koma inangotsika ndi madola 200 poyerekeza ndi Service Grade. Ukaipititsa kwa mmisiri 200 ija yatha kale, ndiye watchipitsa chiyani? Pamenepo ndikanakhala ine ndikanatsitsa ya pansiyo ndithu, mwina kukwezako ya pamwamba, kuti munthu wa ndalama zochepa yemwe agogo ake ananyamula mfuti ngati imeneyi ku nkhondo athe kukhala nayo olo ili yadzimbiri.

Za madola 17 zija musandiuzenso chonde, nthawi imeneyo mfutizi zinali mbwee, palibe ankaziona ngati za mbiri, ena ankazicheka nkusintha zoyang'anira kuti azikachitira mipikisano. Mwa zina nchifukwa chake zosakhudzidwa zatsala zochepa, ndipo mwina ena mwa omwe akulira ndi mtengo lerowa ndi ana a omwe ankachekawo.