Ulendo wa m'nkhalango ya pa Phiri la Zomba ndi ana komanso agalu awiri

Kwathu kuno galu timamudziwa ngati mlonda wa pakhomo kapena mnzake wa mlenje pa uzimba. N'chifukwa chake Loweruka lina kumapeto kwa Seputembala, pamene tinkakweza agalu athu awiri m'galimoto, mnansi wathu anatifunsa ngati adwala. Titamuuza kuti tikupita nawo kukayenda m'nkhalango ya pa Phiri la Zomba, anangoseka n'kulowa m'nyumba. Tinalipo anthu asanu: ine, mayi a kunyumba, ana athu awiri, ndi amalume anga omwe anagwirapo ntchito ya ukalaliki m'maofesi a boma Zomba idakali likulu la dziko, likululo lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Agaluwo ndi Lekani, yemwe wayamba imvi pakamwa, ndi Tayiga, yemwe sanakwanitse zaka ziwiri ndipo nzeru zake zidakali m'miyendo.

Msewu wokwera phirili ndi wokhotakhota, ndipo tisanafike pamwamba anyamata ogulitsa sitiroberi ndi mabulosi m'timabasiketi anali atatiimitsa kale kawiri. Galimoto tinaisiya pafupi ndi damu la Mulunguzi, lomwe madzi ake ndi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa, n'kuyamba kutsata kanjira kokwera m'mbali mwa mtsinjewo kulowera ku mathithi a Williams. Nsonga ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000, koma ife cholinga chathu chinali chochepa: kukafika pa mathithi, kudya, ndi kubwerera dzuwa lisanapendeke.

Chigawo chotsata mtsinjecho ndi chimene ndinachikonda kwambiri. Kumunsi m'tauni kunali kotentha, koma pansi pa mitengo yachilengedwe yomwe yatsala m'mphepete mwa madzi munali chinyezi ndi fungo la masamba ovunda, ndipo miyala inali yoterera ndi ndere. Munthu akamayenda ndi galu amakakamizika kuona nkhalango kuchokera pansi, chifukwa galu amaima paliponse pomwe mphuno yake yamuuza. Lekani ndiye anatisonyeza mzere wa linthumbu womwe unadutsa pakati pa njira, wakuda ngati chingwe, zikuluzikulu zitaima m'mbali mano ali yasa. Anaima, n'kuulumpha mwaulemu. Tayiga anaponda pakati penipeni, ndipo kwa mphindi zingapo mwana wathu wamkazi anagwada n'kumamuzula nyererezo pakati pa zala za mapazi, galuyo akulira ngati wapsa.

Cholakwa chachikulu pa tsikuli chinali changa. Nditaona kuti njira ilibe anthu, ndinamumasula Tayiga chingwe kuti athamangeko. Sipanapite nthawi tinamva kukuwa kwa nyani chapamtunda, kenaka kuuwa kwa galu. Nditafika ndinapeza nyani wamphongo atakhala pa chitsa, mapewa atatukumula, akuyasamula dala kuti aonetse mano omwe ndi aatali kuposa a galu, pamene anzake ankakokera ana m'mitengo. Amalume anafika pambuyo panga akupuma movutikira, ndipo anati: "Mphwanga, usaponye mwala ndipo usathamange. Muitane galuyo modekha, ukubwerera m'mbuyo." Ndinaitana kanayi konse Tayiga asanamvere. Amalume anatikumbutsa kuti alenje akale ankataya agalu abwino kwa anyani, chifukwa nyani amagwira ndi manja n'kung'amba ndi mano. Kuchokera pamenepo chingwe sichinachokenso m'khosi mwake, ndipo mayi a kunyumba sanandiyankhule mpaka tinafika pa mathithi.

Madzi a pa Williams amatsika pa miyala yosanjikizana ngati masitepe, ndipo ngakhale m'chilimwe amazizira mpaka mano kugwedezeka. Ana anaviika mapazi, Tayiga analowa thupi lonse, Lekani anangomwa n'kugona pa thanthwe lofunda. Tinadya mbatata yophika, mazira ndi tiyi wa m'fulasiki.

Pobwerera tinadzera njira ya kumtunda yodutsa m'minda ya paini, ndipo kumeneko nkhope ya phiri inasintha. Malo aakulu anali zitsa zokhazokha, ena atapsa ndi moto wolusa posachedwa, phulusa likuuluka tikaponda. Tinapatukira amayi atatu omwe anasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, nkhata zitaphwatalala pamutu, akutsika mothamanga pang'ono chifukwa katundu wotere salola kuyenda pang'onopang'ono. Tinapatsana moni, ndipo mmodzi anafunsa ngati agaluwo amaluma. Amalume analoza chigwa china n'kunena kuti m'masiku awo munthu ankalowa mmenemo masana n'kuona ngati kwada. Ndinafuna kudandaula za odula mitengo, koma ndinakumbukira thumba la makala lomwe lili kukhitchini kwathu podikira tsiku lozima magetsi, ndipo ndinangokhala chete.

Mwana wathu wamwamuna ankafuna kuti tikafike pa Emperor's View, malo oonerapo kutali omwe anatchedwa dzinalo pokumbukira kubwera kwa Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, pafupi ndi Queen's View. Amalume anavomera msanga, mwina posafuna kuoneka otopa pamaso pa adzukulu, koma Lekani anagona pakati pa njira lilime lili panja, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mtunda wotsala ndinachita kumunyamula pamapewa ngati mbuzi yopita kumsika.

Madzulo ake tinakhala pakhonde ndi tochi, tikufufuza m'makutu ndi m'khwapa mwa agalu. Kwa Tayiga tinachotsa nkhupakupa zisanu ndi ziwiri, kwa Lekani imodzi yokha.