Leica yanga yagolide

Mu 2022 kamera ya Leica ya nambala 105, yomwe inali ya Oskar Barnack mwiniwake, munthu amene anapanga Leica yoyamba, inagulidwa ndi mayuro 14.4 miliyoni. Nkhaniyi ndinali nditaiwerenga, ndiye nditaona Leica yagolide pa car boot sale (msika wa katundu wakale) kuno ku Leeds, pakati pa mapoto ndi nsapato zakutha, mawondo anagwedera. Ndinapereka mapaundi 60 osanenerera, ine amene ndimanenerera ndi tomato yemwe. Madzulo ndinaimbira amayi ku Dedza kuti ayambe kufunsa mtengo wa malata.

Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, golide wa mapaundi 60?" Ndinawauza kuti asalowerere nkhani za bizinesi.

Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza makamera akale, nditavala jekete. Iye anatsegula buku la manambala. Kampani yopanga Leica, ya Leitz ku Wetzlar m'dziko la Germany, inkalemba nambala ya kamera iliyonse, moti nambalayo imaulula chaka ndi mtundu wake. Yanga inali ya m'ma 20,000, kutanthauza Leica I ya cha m'ma 1929 kapena 1930. Vuto linali loti Leica I inalibe rangefinder, timagalasi topimira mtunda tija. Zimenezo zinabwera ndi Leica II mu 1932, kuyambira nambala 71200. Yanga inali nato, tikuchita kunyezimira.

Sindinagonje. Ndinawakumbutsa kuti a Leitz ankalandira makamera akale n'kuwaika rangefinder, nambala osasintha. Mkuluyo anavomera kuti n'zoona, ndipo m'mutu mwanga malata anabwerera padenga.

Kenako anapotokola lenzi n'kundiuza kuti ndisuzumire. M'katimo muli kachitsulo komwe lenzi imakankha. Ka Leica kamakhala kagudumu kozungulira, pomwe kanga kanali kosongoka. Anati iyi ndi FED ya ku Kharkiv, fakitale ya ku Soviet Union yomwe inayamba kutengera Leica II mu 1934. Akathyali amafufuta dzina lenileni, kuzokota "Leica", n'kuikapo nambala iliyonse yomwe yawabwerera.

"Nanga golideyu, bwana?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

Anati ndi bulasi wopukutidwa bwino. Pofuna kunditonthoza anatsegula dilowa n'kutulutsa ina yagolide yomwe munthu wina anaisiya atakwiya. Tinayerekeza manambala. Anali ofanana ndendende.