Thobwa la apongozi linathera pa Chowe

Mayi akunyumba anaphika thobwa Lachiwiri kuti ndikawasiyire apongozi ku Namwera, ine nkuzengereza mpaka Lachisanu, ndiye mukukudziwa kutentha kwa ku Mangochi kuno mwezi wa Okutobala, ngakhale mbuzi zimangoti wefuwefu pansi pa mlambe. Ndinalithira mchigubu cha malita 5, chitsekerero nkumanga ndi pulasitiki mwamphamvu kuti lisadonthe, ndikudziona ngati dolo.

Minibasi isanamalize kuwoloka buliji ya Bakili Muluzi chigubu chinali chitatupa kale pamiyendo panga, chikulira kuti tsiii. Mwana wa achemwali anga wa Fomu 4 amene ndinamutenga akuti malume masulani pang'ono, mmenemo mukudyedwa phwando. Ndikuti phwando la ndani iwe? Akuti chimera chija chimaphwanya ufa kukhala shuga, mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tija, nkudya shugayo nkutulutsa asidi amene amawawasitsa thobwa, koma sali okha, muli yisiti amene zowawasazo sizimuvuta ndipo amawatayira mabakiteriyawo ma amino asidi ndi mavitamini zomwe ena mwa iwo satha kupanga okha. Akuti zili ngati anthu oyandikana nyumba opatsana mchere ndi moto, kukatentha chonchi kupatsanako kumachita kufulumira, ndiye mpweya wa carbon dioxide umene akutulutsa ulowera kuti poti mwatseka?

Ine ndinamuuza kuti sayansi yakeyo akalembe pa mayeso a MSCE, thobwa ndinayamba kumwa iye asanabadwe.

Pokwera mapiri a Chowe paja minibasi inagunda dzenje. Phuuu! Chitsekerero chinakamenya denga, thobwa nkufalikira mipando itatu, kondakitala maso onse phala, mayi wina nsomba zake za usipa zinalandira msuzi osaupempha. Koma chimene chinandipha ndi madala ena amene anakhala kutsogolo kwanga atavala mkanjo woyera mbee akupita kumapemphero a Juma ku mzikiti. Sanakalipe ayi. Anangopukuta ndevu, nkununkhiza chala, nkunena motsitsa kuti "bambo, ili linasiya kukhala thobwa dzulo." Minibasi yonse kuseka, mwana uja misozi mbwee, ine ndikupepesa uku ndikupukuta mkanjo ndi mpango umene nawonso unali wonyowa.

Kondakitala anandilipiritsa yochapira mipando. Ndinafika ku Namwera ndi chigubu chopanda kanthu, shati itauma gwa, ntchentche zikundiperekeza. Apongozi aakazi anandilonjera bwinobwino atagwada chapatali, kenako ndinawamva akunong'oneza mwana uja kuseri kwa nkhokwe kuti "kodi malume akowa anayamba liti kumwa masana?"