Tsiku lokonza wekishopu ya ndege za rimoti

Loweruka. Lero palibe ndege yomwe yamatidwa. Tsiku lonse lapita pokonza chipinda chopangiramo ndege zazing'ono zoyendera rimoti, ndipo m'mawa wonse wathera pa thabwa limodzi, lomangirapo mapiko.

Thabwalo ndi MDF (thabwa la utuchi wopanikizidwa) yochindikala mamilimita 18, m'litali masentimita 150, m'lifupi 60. Tinaliyala pa tebulo lotalika masentimita 90 kuti munthu azigwira ntchito choimirira popanda kuwerama. Kenako tinaliyeza ndi rula yachitsulo ya mita imodzi: m'litali, chopingasa, ndiponso kuchokera pakona ina kukafika pa inzake, tochi ikuwala kuseri kwa rulayo. Paliponse pamene kuwala kunadutsa, tinalowetsa timakatoni topyapyala kunsi kwa thabwa n'kulimanga ndi masikuluwu mpaka mpata utatsekeka. Ntchito imeneyi siyofunika kuithamangira, chifukwa phiko limatenga maonekedwe a pamene laumira. Thabwa likapotoka, phiko nalo lipotoka, ndipo ndegeyo izingokhotera mbali imodzi. Ukaiwongola ndi trim (timabatani ta pa rimoti tokonzera pang'ono njira ya ndege) imayenda bwino pa liwiro limodzi lokha. Ukawonjezera kapena kuchepetsa liwiro, vuto limabwerera.

MDF njolimba, mapini salowa. Choncho pamwamba pake tinamatapo cork (khungwa la mtengo lofewa lomwe mapini amalowa) ya mamilimita 6. Pulani, pepala lojambulidwapo ndegeyo, imayalidwa pa cork, ndipo pamwamba pa pulani pamabwera pulasitiki wopyapyala kuti guluu asamate phiko ku pepala. Timitengo ting'onoting'ono ta balsa (mtengo wopepuka wopangira ndegezi) sitibooledwa ndi pini, timang'aluka. Mapini awiri amapingasidwa pamwamba pake n'kutipanikizira pansi.

Nyale ziwiri: yaitali ya LED kudenga, ndi ina yosunthika pambali. Yapambaliyo ndi imene imaonetsa mabampu pokwecha ndi sandipepa. Sandipepa wa nambala 80, 150 ndi 220 tinamumata pa timatabwa tosalala, popeza wogwira ndi zala amakumba maenje pa balsa. Mipeni ya nambala 11, kasowo kakang'ono, sikweya ndi mphasa yodulirapo zapita kudzanja lamanja. Mpeni ukayamba kutafuna mtengo m'malo modula, lezala lake lisinthidwe pomwepo. Fumbi la balsa ndi lopepuka kwambiri ndipo limakhalitsa m'mwamba, ndiye malo okwechera ali pafupi ndi zenera, masiki ili pa msomali pomwepo.

Masana tinasanja maguluu, ndipo apa m'pomwe oyamba kumene amawonongera zipangizo. CA (supa guluu) wamadzimadzi amalowerera mu balsa n'kugwira m'masekondi ochepa, koma amasungunula fomu ya mtundu wa Depron. Imeneyo imafuna CA wolembedwa kuti ngoyenera fomu. Mpweya wa CA umawawa m'maso ndi m'mphuno, ndipo guluuyo akatayikira pa nsalu ya thonje amatentha mpaka kupsereza khungu. Botolo la asetoni likhale pafupi lomatulira zala zikamatana. Epoxy, guluu wosakaniza magawo awiri, wa mphindi 30 ndi wa malo onyamula katundu, monga thabwa lomangirapo mota ndi polumikizira mapiko awiri. Magawo ake awiri ayezedwe monga zalembedwera pa botolo, nthawi zambiri mofanana ndendende. Kuchulukitsa gawo limodzi sikufulumizitsa kanthu, guluuyo amangokhala wofewa osauma. Epoxy ngolemeranso, ndiye kumchira agwiritsidwe ntchito pang'ono kwambiri.

Kona ya mabatire ndi imene yatenga malo abwino kuposa zonse, ndipo ikuyenera kutero. Ili kutali ndi balsa, fomu ndi maguluu, pansi pake ndi simenti, pamwamba palibe shelefu yathabwa. Batire ya LiPo, mtundu umene ndegezi zimagwiritsa ntchito, ikayaka moto wake ngovuta kuzimitsa, choncho pali ndowa ya mchenga wouma ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi potulukira mpweya. Bokosi lotsekeka kotheratu ndi loopsa chifukwa mpweya ukadzazana limaphulika. Pakhoma talembapo manambala: selo imodzi yodzaza ndi mavolti 4.2, yosungidwa ndi 3.8, ndipo isatsike kufika pa 3.0. Batire ya maselo atatu ikadzaza imakhala 12.6. Ya 2200 mAh (muyeso wa magetsi amene batire imasunga) imatchajidwa pa maampu 2.2, waya wa balansi (wothandiza kuti maselo adzaze mofanana) atalumikizidwa nthawi zonse, tchaja itaikidwa pa LiPo ndi chiwerengero cholondola cha maselo. Batire yotupa kapena yobooka siyitchajidwanso. Ndipo munthu sachoka m'chipinda tchaja ikugwira ntchito, ngakhale kwa mphindi zisanu.

Madzulo inali nthawi ya katebulo ka zamagetsi. Chowotcherera mawaya cha mawati 60 n'chokwanira pa mapulagi a batire a mtundu wa XT60. Chaching'ono chimachedwa kutenthetsa chitsulo, ndipo pochedwapo pulasitiki wa pulagi amasungunuka. Pulagi ilumikizidwe ku inzake yopanda waya powotcherera kuti timapini tisasunthe. Pa batire, waya umodzi umawotchereredwa n'kuvekedwa heat shrink (kachubu kapulasitiki kofinyika kakatenthedwa) usanasendedwe wachiwiri. Awiriwo akangokhudzana, moto.

Lamulo la tebulo limeneli ndi limodzi: propela ichoke mota isanayesedwe. Mota ya mtundu wa brushless, ya mawaya atatu, imadzuka mwadzidzidzi ndipo propela imacheka chala mpaka pafupa. Rimoti imayatsidwa poyamba, throttle (kandodo ka liwiro la mota) ili pansi, kenako batire ya ndege; pozimitsa, batire ya ndege ndiyo imachoka poyamba. Mota ikazungulira chobwerera, kusinthanitsa mawaya awiri alionse mwa atatu aja kumakonza. Ma servo (timamota tosuntha ziwongolero za ndege) aikidwe pakati ndi kachipangizo koyesera timikono tawo tisanamangidwe, apo ayi mbali ina idzayenda kwambiri kuposa inzake.

Chomaliza chinali choyezera balansi ya ndege, malo amene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumafanana: timitengo tiwiri toimirira pa thabwa, nsonga zake zovekedwa labala. Pa ndege yophunzirira ya phiko lowongoka, balansi imakhala pakati pa 25 ndi 33 peresenti ya m'lifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo, koma nambala ya pa pulani ndiyo yoyamba kuitsatira. Ndege yolemerako kumphuno imauluka ndithu ngakhale imatera mothamanga, pamene yolemera kumchira imavuta kuiwongolera ndipo imagwa msanga.

Zatsalira mawa ndi mashelefu a mapiko: timikono tiwiri pakhoma tokutidwa ndi fomu, kutali ndi dzuwa la pazenera, kuti phiko lililonse lizigona chafulati. Mapepala a balsa nawonso agona chafulati m'bokosi lawo, thabwa lolemera lili pamwamba.