Subaru yomwe inasintha shopu yathu

Shopu yathu ili pa boma la Kasungu, mukangotsika pang'ono kuchoka mu msewu wa M1. Tinaiyamba ine ndi mayi a kunyumba titagulitsa fodya ku Chinkhoma, ndipo katundu wathu woyamba anali makatoni a oyilo wa 20W-50 basi. Ndi amene eni minibasi ndi malole akale ankafuna. Ine ndinkati oyilo ndi oyilo, bola akhale wokhuthala.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wina ndi Subaru Impreza WRX ya buluu yochokera ku Japan, yomwe anakaitenga yekha ku Dar es Salaam. Kulira kwake anthu ankatuluka m'mashopu kudzaona. "Madala, mundipatse oyilo wamphamvu," anatero. Ndinamupatsa yemwe uja, ndikudzitama kuti uyu ndiye wa kotentha kuno. Anabweranso kachiwiri, ndinamupatsanso. Ulendo wachitatu anabwera galimoto ikufuka utsi wabuluu kumbuyo, mphamvu itatheratu.

Makaniko amene anamasula turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu, anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Kapaipi kopititsa oyilo ku turbo kanali katatsekeka ndi zakuda zouma ngati phula. Anandifotokozera kuti turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo imayendetsedwa ndi mpweya wotentha wotuluka mu injini. Oyilo wamba akafika pamenepo amapsa, makamaka munthu akathamanga kwambiri kenako n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Mnyamatayo analinso ndi mlandu wake, ankachedwa kupanga sevisi, koma botolo lija linachoka m'manja mwanga. Ndinalipira theka la turbo ina. Mayi a kunyumba sanandilankhule bwino sabata yonse.

Manambala a pa botolo ndinawaphunzira nditaluza kale ndalama. Yoyamba, ya W ija, imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. M'mawa wa mu June kuno, 5W amafika msanga kumtunda kwa injini pamene 20W akadali kudzikoka, ndipo nthawi imeneyo ndi imene zitsulo zimadyana kwambiri. Yachiwiri, kaya 30, 40 kapena 50, ndi kukhuthala kwake injini ikatentha kufika madigiri 100. Injini zothamanga za masiku ano zili ndi timipata ting'onoting'ono, sizifuna phala.

Pano munthu akafika ndi WRX, Altezza kapena Mark X sindithamangira pa shelefu. Ndimayamba ndafunsa: ili ndi turbo? Yayenda makilomita angati? Chotsekera oyilo kapena buku la galimoto likuti chiyani? Zambiri mwa izi zimafuna 5W-30 wa synthetic, oyilo wopangidwa mwapadera kuti asapse msanga, ndipo ya turbo imene imathamangitsidwa m'dzuwa la October ndimaipatsa 5W-40. Ndimaonetsanso chizindikiro cha API chosonyeza giredi ya oyilo, SN kapena SP, ndi kuti chotsekera cha botolo sichinatsegulidwepo, chifukwa oyilo wothira m'zigubu wa m'mbali mwa msewu sudziwa kumene wachokera. Fumbi la kwathu kuno nalo silichitira chifundo injini, ndiye ndimati pa makilomita 5,000 asinthe, pamodzi ndi fyuluta yake. Ena amadandaula mtengo n'kupita kwina. Apite.

20W-50 tikugulitsabe, ndipo ndi amene amatidyetsa tsiku ndi tsiku. Wa Subaru uja amabwerabe. Akaima pakhomo amaisiya ikulira kaye mphindi imodzi asanazimitse, uku akundiyang'ana ndi kuseka.