Amisiri okonza makina a fusion ndawavulira chipewa

Anthu ambiri akudandaula kuti ITER, makina aakulu a fusion (njira yopezera mphamvu pophatikiza maatomu opepuka, monga zimachitikira m'dzuwa) omwe akumangidwa ku Cadarache kum'mwera kwa France, achedwa. Achedwadi. Mu 2024 akuluakulu ake analengeza kuti kafukufuku adzayamba mu 2034, ndipo kuyesa deuterium pamodzi ndi tritium, mitundu iwiri ya hydrogen yomwe amaiphatikiza, kudzachitika mu 2039. Koma ine mtima wanga uli ndi amisiri amene akukonza zimene zinawonongeka m'makinawa.

Tangoganizani. M'kati mwa makinawa plasma, yomwe ndi mpweya wotentha kwambiri umene fusion imachitikiramo, iyenera kutentha madigiri Celsius 150 miliyoni, pomwe maginito oigwira kuti isakhudze khoma ayenera kuzizira mpaka madigiri -269. Pakati pa moto ndi chisanu chimenecho pali chotchinga chachitsulo chokhala ndi timapaipi toziziritsira. Mu 2022 anapeza ming'alu m'timapaipito. Chigawo chachikulu cha chipinda cha plasma, chomwe anali atachikhazika kale m'dzenje lake, anachitulutsanso n'kuchimasula kuti asinthe mapaipi. Zopweteka mtima zedi, komabe bola anaziona asanatsekere zonse m'kati.

Ku JET, makina ena a fusion a ku Culham m'dziko la England, kumene mu 2023 anatulutsa mphamvu ya ma megajoule 69 m'masekondi 5, ntchito ya m'kati ankaigwira ndi manja a roboti otchedwa MASCOT, chifukwa ma neutron, tizidutswa ta atomu totuluka mu fusion, amasiya zitsulo zikutulutsa cheza choopsa. Mmisiri ankakhala m'chipinda china, maso pa sikirini, n'kumamanga bawuti akumva m'zala zake kuti yalimba. Ndi manja omwewo, pakati pa 2009 ndi 2011, anachotsa matailosi a khoma lam'kati n'kuikapo atsopano a zitsulo za beryllium ndi tungsten.