Draw yandidutsa kawiri lero

Lachinayi, usiku

Ndangoika foni pansi, mutu ukuwirabe. Lero ndaluza magemu awiri a chess amene akanatha molepherana, ndipo pa onse awiriwo wondiluzitsa ndine ndemwe.

Woyamba unali wa masana, mphindi zisanu aliyense. Mdani wanga anali atandidyera rook, koma mfumu yake inali pambalambanda, ndiye ndinayamba kuithamangitsa ndi kwini. Cheki pa e8, mfumu ku h7. Cheki pa h5, mfumu kubwerera ku g8. Tinatero kangapo, ine mtima uli m'malo, kudikira kuti kompyuta ithetse gemu yokha. Pambali pa bolodi panatuluka kabatani, koma maso anga anali pa wotchi, ndipo ndinangosewera cheki ina. Mnzangayo anadzidzimuka ngati wochoka kutulo, n'kutchinga ndi rook pa h6. Macheki anga sanapite patali. Basi, inathera pomwepo.

Nditapita kukafufuza ndinapeza kuti kabatani kaja kanali draw yanga. Lamulo la FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, limati bolodi likaoneka chimodzimodzi katatu, wosewera ali ndi ufulu wopempha kuti alepherane, koma ayenera kupempha yekha. Likafika kasanu m'pamene gemu imatha popanda wopempha, ndipo limeneli analiwonjezera mu 2014. Pa intaneti mawebusayiti amasiyana. Chess.com imathetsa gemu yokha pa kachitatu. Lichess imakusiyira mwini wake, pokhapokha utasankha m'masetingi kuti izikupemphera nthawi zonse, kapena ukatsala ndi masekondi osakwana 30. Ine ndimasewera pa Lichess, ndipo ndinali ndi mphindi yathunthu, ndiye palibe amene akanandiyankhulira.

China chimene ndakhala ndikuchimva molakwika zaka zonsezi: chimene chimawerengedwa si kubwereza mayendedwe, koma mmene bolodi likuonekera. Sizikakamiza kuti zichitike motsatizana, ukhoza kuzungulira kwina n'kudzabwerera pomwe paja. Koma woyenera kusewera akhale yemweyo, ndipo ufulu wa castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi) ndi wa en passant (poni kudya poni ya mdani imene yangoidutsa polumpha mabokosi awiri) ukhale wofanana. Mfumu ikangosuntha koyamba n'kubwerera pamalo pake, ndi maso zimaoneka ngati palibe chasintha, komabe m'malamulo limenelo ndi bolodi lina chifukwa castling yapita. Ngakhale akatswiri zimawazemba. Mu 1971 ku Buenos Aires, Bobby Fischer anapulumuka pa gemu yovuta ndi Tigran Petrosian popempha draw yotereyi. Zandipepesako pang'ono.

Wachiwiri ndiye wandipweteka kwambiri. Madzulo ndinatsala ndi mfumu ndi poni imodzi, mdani ali ndi mfumu ndi hatchi basi. Nthawi yanga inali kutha, koma sindinadandaule. Mumtima ndinkati, hatchi imodzi ingaphe ndani? Nthawi ikatha tilepherana. Wotchi inafika pa ziro, ndipo pa sikirini panalembedwa kuti ndaluza.

Ndinaimbira mnzanga amene anandiphunzitsa masewerawa, ndili wolusa.

“Aise, hatchi imodzi ikuwina bwanji? Izi ndi zachinyengo!”

Anayamba waseka kaye. Kenako anati, “Tenga bolodi. Iwe uli ndi zakuda. Ika mfumu yako pa a1, poni yako pa a2. Mfumu yake pa c2, hatchi pa b3. Tandiuza, uthawira kuti?”

Ndinaika monga ananenera, n'kuyang'ana kwa kanthawi ndithu. Pa b1 ndi pa b2 mfumu yake yatseka. Pa a2 pakhala poni yanga yomwe. Checkmate. Poni imene ndinkaisamala ngati dzira ndi imene inanditsekera khomo.

Lamulo la FIDE pa nkhani ya wotchi silifunsa ngati mdani akanathadi kukupha. Limangofunsa ngati pali njira iliyonse yovomerezeka, ngakhale yopusa chotani, imene checkmate ingachitikire. Ikakhalapo, nthawi yako ikatha waluza. Lichess imayendera limeneli. Chess.com imangoyang'ana zida za amene wotchi yake ikadali moyo: akakhala ndi mfumu yokha, kapena mfumu ndi hatchi imodzi, kapena mfumu ndi bishopu mmodzi, ndi draw. Gemu yomweyo, bolodi lomwelo, kwina ukanatuluka ndi theka la pointi, kwina chimanjamanja. Kunena zoona, la FIDE ndikuliona kuti ndi louma mtima, chifukwa ndani angakadzitsekere yekha pakona dala? Komabe ubwino wake silisiya mpata wa mkangano. Chondiwawa n'choti ndikanangoipereka poni ija kuti idyedwe, gemu ikanatha molepherana nthawi yomweyo, poti mfumu ndi hatchi sizingaphe mfumu yotsala yokha.

Tisanadule foni anandikumbutsa za lamulo la 50: aliyense akasewera ka 50 popanda kusuntha poni kapena kudya chida, pa bolodi lenileni umapempha, ndipo woyimbira amathetsa yekha pa 75. Pa intaneti kompyuta imawerenga yokha n'kuthetsa pa 50. Limenelo lokha ndinkalidziwa, pamodzi ndi stalemate (draw imene imabwera ukasowa kosewera koma mfumu yako sili pa cheki), imene yandipulumutsapo kambirimbiri kwa anthu aphuma okonda kupanga makwini awiri.

Ndalowa m'masetingi, ndasankha zoti izindipemphera draw nthawi zonse bolodi likabwereza katatu. Mnzanga uja akuti ndidzalira tsiku limene ndizidzabwereza mayendedwe pofuna kupeza kanthawi koganiza ndili pafupi kuwina, gemu n'kudzatha ndisanafune. Mwina akunena zoona. Bolodi lija likadali patebulo, mfumu ili pa a1, ndipo sindinalichotsebe.